Ndinauluka ndi Denga la Nkhokwe ya Apongozi

Mdzukulu wa mlongo wanga atabwerako ku usilikali, tinasonkhana pakhonde kudzamva za maiko akutali. Mwa zonse zimene anasimba, chimene chinazunguza mitu ya anthu ndi cha azungu odumpha m'ndege. Akuti munthu amangotulukira pakhomo ndege ili m'mitambo, kenaka pamsana pake pamatambasuka chiambulera cha nsalu, iye n'kumatsika ali lende ngati kangaude. Ena anati ndi bodza la asilikali, ena anati ndi mankhwala. Ine ndinangofunsa funso limodzi.

"Nanga kupuma amapuma bwanji? Paja mphepo ya kumwambako imatseka pakamwa ndi mphuno zomwe."

Msilikaliyo anandiyang'ana ndwii. "Agogo, zimenezotu anandiuza mmodzi wa odumphawo. Inu mwazidziwira kuti?"

Anandiyankhira ndi amayi awiri okalamba amene anakhala chakumbuyo akusenda nandolo. Anaphulika nako kuseka mpaka mmodzi anatsamwa ndi fodya wake wa m'kamwa. Pamudzi pano tatsala ochepa odziwa chimene ankaseka, ndipo awiri amenewa akamaisimba nkhaniyi amaithira mchere wambiri. Ndiye ndati ndiilembe ndekha isanafike poti ndinamera mapiko. (Kulembaku mundikhululukire. Pasukulu sindinapondepo. Zilembo ndinazitola ndekha pa mabokosi a tiyi ndi m'buku la nyimbo la mnzanga, ndiye zikamapendama muzidziwa kuti zatengera mwini wake.)

Zinachitika nkhondo yoyamba ya Jeremani isanabwere, tiyi wa kuno akadali wolekeza m'mawondo, azungu ena akulimbanabe ndi khofi wawo amene ankangouma. Ine ndinali nditawoloka Muloza ndi atsibweni anga, kuthawa chikoti cha Apwitikizi, chuma chathu chonse chili m'kamtanga kamodzi. Tinapeza ntchito yozula zitsa kwa mzungu wina chakumunsi kwa mtsinje wa Likhubula. Kumeneko ndi kumene ndinaona Namwale akuchapa pamwala, ndipo chitsa chimene ndinkazula tsiku limenelo chinagona chilili.

Atsibweni anayenda maulendo awo a unkhoswe. Akwawo a Namwale, Amang'anja okhala patsinde pa phiri kuyambira makedzana, anavomera, koma monyinyirika. Ndinalowa chikamwini ndi mkeka, khasu, ndi nsalu imodzi ya biliwita yomanga m'chiuno.

Ana a lero simungachimvetse chikamwini cha nthawi imeneyo. Mkamwini anali ngati nkhuku yogula, amayamba aiona kaye ngati iikira. Ndisanafike ine, mkulu wake wa Namwale anali ndi mwamuna wake, munthu wamtali, wodziwa kuimba. M'mawa wina anadzuka n'kupeza mkeka wake uli panja, wokulungakulunga bwino, ndipo sanafunse kuti watuluka bwanji. Anangousenza. Milandu yake inali iwiri. Woyamba ulesi. Wachiwiri, tsiku lina anakumana ndi apongozi panjira n'kuwayang'ana m'maso. Anthu ankati ulesi wokha akanamukhululukira.

Pajatu apongozi aakazi sunkawaona nkhope, iwonso sankaona yako. Mukakumana panjira, iwe mkamwini unkapatuka, n'kunyonyomala, msana kulozetsa kunjira mpaka adutse. Mawu ankadzera mwa mkazi wako, ngakhale nonse muli pabwalo limodzi. Choncho ine apongozi anga ndinkawadziwa mapazi okha: akuluakulu, ong'aluka zidendene, ndi chigwinjiri chamkuwa kumwendo wamanzere. Mapazi amenewo ndinkawaopa kuposa kapitawo wa kuntchito.

Panalinso mlamu wanga Kamwendo, mlongo wake wa Namwale. Iyeyu anali atabwerera pamudzi wa amayi ake kuchokera kuchikamwini kwake (ankati anachokako yekha chifukwa madzi akumeneko anali amchere, koma anafika atasenza mkeka). Popeza ntchito analibe, ntchito yake inali ine.

"Alamu, kwanu kutsidya kuja nkhokwe mumazidziwa? Kapena kalongonda wanu uja mumangosunga m'masaya?"

"Timazidziwa, alamu."

"Tiona. Ine mkeka wanu ndauyeza kale. Pakhomo paja utuluka bwinobwino osakola."

Ankanena akuseka, inenso ndinkaseka, monga amachitira alamu. Koma kuseka kwanga kunkathera pakhosi, chifukwa kobwerera ndinalibe. Kutsidya kunali chikoti, kuno kunali Namwale.

Chimanga chitauma, thupi la nkhokwe ndinaluka ndine, Kamwendo ali khale pamthunzi kundilangiza poika nsungwi. Madzulo ndinamumva akuuza amayi ake kuti, "Nkhokwe ija taluka." Liwu lakuti "taluka" limenelo linandikhala pamtima ngati mwala. Chimanga anathiramo, kunatsala denga. Ndiye m'mawa wina apongozi anaima kuseri kwa nyumba yathu n'kulankhula mokweza ngati akuitana nkhuku.

"Namwale! Uwauze anzakowo kuti chimanga changa chili pamtetete. Chiperoni chayandikira. Chikanyowa, ine chowola sindidya, ndipo munthu wodyetsa anzake chowola pamudzi pano sakhalitsa."

"Amva, amayi," anayankha Namwale, ine ndili pambali pake pomwepo, maso pansi.

Denga la nkhokwe lili ndi kachitidwe kake. Umakadula nsungwi ndi udzu kuphiri, kutsitsa mitolo, n'kulimangira pansi pambali pa nkhokweyo. Ukatha amayi amaphika thobwa, uitana amuna anzako, mugwira uku ndi uku, hooo, lakwera. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, inenso ndinkazidziwa. Koma ndinkadziwanso kuti ndikamangira pabwalo, Kamwendo adzagwira nsonga ya luzi limodzi madzulo n'kukanena kuti "tamanga". Ndiye nzeru inandifikira (zimandifikira kawirikawiri nzeru zotere, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inandisiya bwino). Ndinati ndikalimangire kumtunda konko kumene kuli nsungwi, ndilifolere konko, ndilisenze ndekha, lilowe m'mudzi lathunthu dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone kuti mwini wake ndani.

Ndinamunong'oneza Namwale.

"Inu, denga amasenza munthu mmodzi?"

"Kwathu timatero."

"Kwanu kuti?"

"Kutsidya."

Linali bodza. Kutsidya kunkandithandiza kwambiri masiku amenewo. Chilichonse chopusa chimene ndinkafuna kuchita ndinkati ndi mwambo wa kutsidya, podziwa kuti palibe angawoloke kukafunsa. Namwale anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino. Koma mukavulala musakalire m'Chilomwe, amayi sangamve."

Masiku angapo ndinkati ndikaweruka kuzitsa, ndizembere kumtunda. Malo amenewo ndimawakumbukirabe. Nsungwi zinkalira zokha zikamakhudzana, madzi ozizira otsekemera akutuluka pansi pa mwala, anyani atakhala pamwamba kumandiyang'ana ngati akapitawo. Nthawi zina kunkadutsa amuna osenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, akuthamanga kachigwededegwedede, fungo la matabwawo n'kutsala m'njira iwo atapita kale. Mmenemo ndinamanga denga limene sindinamangenso lina longa ilo moyo wanga wonse. Mapaso ndinasankha owongoka okhaokha, luzi ndinalinyika kaye m'madzi, udzu ndinaupesa ndi zala ngati tsitsi la mkwatibwi. Linali lotambalala, loti anthu awiri n'kugona pansi pake osanyowa mapazi. M'kati mwake ndinapingasa timitengo tiwiri n'kumangirirapo nkhata, kuti mutu upeze pokhala.

Tsiku lolitsitsa kunacha kuli bata, koma nsonga ya phiri ija ya Chambe inali itavala chipewa cha mtambo. Munthu wa ku Mulanje aliyense amadziwa tanthauzo lake. Inenso ndinachiona. Ndinangoti, ndiye ndifulumire.

Ndinakwawira pansi pa denga lija, mutu pankhata, manja pamapaso, n'kudzuka nalo. Kulemera sikunali kwenikweni. Vuto linali maso. Udzu unkalekeza m'mawondo mwanga, ndiye dziko lonse limene ndinkaliona linali kanjira ndi zala zanga za kumapazi. Ndinayamba kutsika pang'onopang'ono ngati bowa wophunzira kuyenda.

Sindinapite patali, mphepo inayamba. Poyamba inkangolikodola denga lija, kenaka inayamba kulikankha, kulipendeka uku, kulipendeka uko, nkhata n'kumaterereka pamutu. Munthu wanzeru akanalitula pansi, kulitsendereza ndi miyala, n'kukaitana anzake. Ine ndinaganiza za chimanga chili pamtetete, ndinaganiza za Kamwendo akubwera kudzagwira mbali imodzi. Ndinatula, ndinatenga luzi lotsala, n'kumangirira kumapaso, kulidutsitsa m'khwapa zonse ziwiri, kulipingasa pachifuwa, n'kumanga mfundo ija timamangira mbuzi yothawathawa. Ndinati tsopano mphepo ichite zimene ingathe, denga ili ndi ine sitisiyana. Mawu amenewo okha ndi amene ndinanena zoona tsiku limenelo.

Njira yotsikira kumudzi inkadutsa pathanthwe lina lopapatiza. Kumanzere kunali khoma la mwala, chitedze chokhwima chili lendelende kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanja kunali phompho, loti mbawa yaikulu itamera pansi pake ingangosuzumira pamwamba. Kunsi kwa phompholo kunali dimba la apongozi, la nthochi ndi nzimbe, ndipo kupitirira pang'ono kunali mtsinje kumene amayi ankachapa.

Ndili pakati pa thanthwelo, mphepo ikulira m'udzu ngati mluzu, ndinaona mapazi akubwera. Akuluakulu. Ong'aluka zidendene. Chigwinjiri chamkuwa kumanzere.

Apongozi ankakwera kukatola nkhuni chiperoni chisanatseke phiri. Mapaziwo anaima njii.

"Mayo ine! Denga likuyenda lokha! Ndani ali mmenemo?"

Kuyankha sindikanatha, mkamwini sayankhana ndi apongozi. Ndinatsokomola, paja ndi mmene tinkadziwitsira kuti pano pali munthu wosayenera kuonedwa. Mphepo inatenga chifuwa changacho n'kupita nacho ku Chonde.

"Ndati ndani? Ngati uli munthu lankhula, ngati uli chinthu ndili ndi chikwanje!"

Mapazi anasendera. Kenaka ndinaona dzanja likugwira m'mphepete mwa udzu kuti litukule, mwini wake asuzumire. Ndinadziwa kuti akangoweramira mmenemo, maso awo agwera m'maso mwanga, ndipo mawa ndidzuka ndi ulendo. Kumanzere chitedze, ndipo ine ndili chifuwa pamtunda. Kumanja kunali kamalo koti munthu n'kupondapo ndithu, m'mphepete mwenimweni. Ndinasuntha chammbali, ndinatembenuka msana kulozetsa kwa iwo monga mwa mwambo, ndinatsitsa mbali yakumbuyo ya denga kuti indibise bwinobwino, n'kuyamba kunyonyomala.

Tsopano ukatsitsa denga kumbuyo, kutsogolo limayasama. Ndipo kutsogoloko kunali pamwamba pa phompho, pamene mphepo yonse yochokera kuchigwa inkakwerera. Inalowa yonse nthawi imodzi, phuu! Ndinamva luzi likundikoka m'khwapa ngati mayi akunyamula mwana wokana kusamba. Zidendene zinachoka pansi, kenaka zala. Denga linazungulira kamodzi. Mapazi anga atayamba kufunafuna thanthwe, thanthwe linali litatsala kumbuyo limodzi ndi apongozi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe. Musadzachite zimenezo. Mphepo inalowa m'kamwamo ngati mmene amayi amamwetsera mwana phala ndi chikhatho, kumangothira osampatsa mpata womeza. Masaya anafufuma n'kuyamba kuwomba m'manja okha, phaphapha. Ndinati nditulutse mpweya, wakunja unali wamphamvu kuposa wam'kati, unaubweza. Ndinati ndikoke, pokokera panalibe, mwadzaza kale. Ndinatseka pakamwa kuti ndiyese mphuno, mphuno nazo zinali zitalandira alendo mbali zonse ziwiri. Pamenepo n'kuti luzi lija, mfundo yanga ya mbuzi ija, likufinya nthiti ngati mtolo wa nkhuni. Misozi inatuluka, koma m'malo motsikira kumasaya inkathamangira kumakutu. Chibadwire ndinali ndisanaganizepo za kupuma. Ndinkayesa kuti ndi chinthu chimene thupi limachita lokha, ngati kumera ndevu. Tsiku limenelo ndinali pakati pa mpweya wa dziko lonse la Mulanje, koma wanga woti ndipumeko kamodzi kokha unasowa.

Ndinayesa kupemphera. Nthawi imeneyo ndinkadziwa theka la nyimbo imodzi ya kumishoni, koma ngakhale theka limenelo limafuna mpweya.

Komabe ndinene chilungamo, pakati pa kufa kumeneko panali kanthawi kena kamene sindikaiwala. Mphepo inalitukula denga lija kutsogolo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinaona patali. Ndinaona Likhubula akung'anima m'miyala ngati mkanda wotayika. Ndinaona midzi yonse, utsi wake utagona chammbali, minda ya mapira, timizere ta tiyi wa mzungu tating'onoting'ono pakati pa nkhalango imene inali isanadulidwe. Ndinaona mudzi wathu, nkhokwe yopanda denga ili yasa, chimanga chili mbee m'kati mwake, ndi kamunthu kakusinja pambali, kamene ndinadziwa kuti ndi Namwale chifukwa cha kaweramidwe kake. Dziko limenelo kulibenso tsopano. Nkhalango inapita, midzi ina anaisamutsa. Amene analiona lonse nthawi imodzi kuchokera kumwamba ndi akabawi ndi ine.

Nsalu yanga ya biliwita nayo inaona kuti zinthu zafika povuta. Inakupiza kawiri, inamasuka, n'kunditsanzika. Ndinaiona ikupita chakumadzulo mosatekeseka, yokha mwa ife awiri imene inkadziwa kuuluka.

Kumtsinje kuja kunali amayi ndi atsikana akuchapa. (Awiri mwa atsikanawo ndi aja osenda nandolo aja.) Iwo ankaonera chapansi. Sindinena zambiri. Ndinangomva mfuu, wina akuti "Chimbalame!", wina akuti "Iyayi, n'chimunthu!", wachitatu, wamaso akuthwa, akuti "Ndi amuna a Namwale!"

Mphepo itatopa nane inandisiya. Denga linatsika likupendamapendama, osati mwaliwiro loti n'kufa nalo, komanso osati mwaulemu. Nthochi za apongozi zinandilandira, khwaaa, mitengo iwiri inagona, ine m'matope chagada, thi, denga pamwamba panga, vindikire. Mdima. Fungo la udzu. Ndinali ngati nkhuku yovundikiridwa m'dengu kudikira alendo.

Apa mphepo panalibe, koma kupuma kunakanabe. Kugwa kuja kunatulutsa kotsala konse, chifuwa chinangouma gwa ngati chikwa. Ndinkayasama ngati mlamba pamtunda, kalikonse kolowa ayi. M'makutu munayamba kulira nkhululu. Ndinaganiza kuti, basi, ndathawa chikoti kudzafera m'nthochi za eni ake, wopanda ndi nsalu yomwe.

Kenaka kuwala. Mbali imodzi ya denga inatukuka ndi phewa la munthu, ndipo m'katimo munalowa nkhope. Mmene apongozi anatsikira phiri lija pa msinkhu wawo, mpaka lero sindidziwa. Inali nkhope yaing'ono, yozungulira, ya mphini m'masaya, ndi kabowo pamlomo wapamwamba ka mphete ija amayi akale ankavala. Sinkagwirizana n'komwe ndi mapazi aja. Ndikanakhala ndi mpweya ndikanadabwa.

Sanazengereze. Chikwanje chinadula luzi, tswi, tswi. Anandikokera kunja ndi mkono, anandikhazika tsonga, n'kundipatsa chibakera chapamsana chimene ndimachimvabe kukazizira.

"Pumani! Pumani bambo inu! Kufako mukafere kwanu kutsidya, osati m'nthochi zanga! Pumani ndati!"

Chibakera chachiwiri chinatsegula. Mpweya unalowa ndi phokoso la tambala wongophunzira kulira. Ndinakoka wina, ndi wina. Unali wotsekemera kuposa uchi, wonunkhira matope ndi utomoni wa nthochi. Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene apongozi anga analankhula kwa ine.

Nzeru zitayamba kubwerera, yoyamba kufika inali ya mwambo. Ndinakumbuka kuti amene ali patsogolo pangawa ndi apongozi. Ndinadzambatuka, ndinatembenuka msana kulozetsa kwa iwo, n'kunyonyomala mwaulemu wonse. Za nsalu ndinali nditaiwala.



"Iyayi, akamwini, tembenukani. Nkhope ndiye yabwinoko."

Anadula tsamba la nthochi n'kundiponyera. Ndinalowa m'mudzi ndi tsamba limenelo, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, monga momwe ndinkafunira.

Mmene kunkacha mawa lake nkhani inali itafika kale ku Milonde, ndipo kumeneko akuti ndinazungulira phiri lonse. Abale anasonkhana pansi pa mkuyu, atsibweni anga anaitanidwa. Ine ndinakhala chapatali, nditafunda nsalu yobwereka, nthiti zikuwawa. Namwale anatulutsa yekha mkeka wanga m'nyumba. Koma sanaukulunge. Anauyala pabwalo pomwepo, n'kukhalapo pakatikati, miyendo tambalale.

Kamwendo anaimirira ngati nkhoswe ya mlongo wake. Tsiku limenelo sankaseka kwenikweni.

"Abale, ine mawu anga ndi ochepa. Munthu wouluka, ali maliseche, dzina lake tonse tikulidziwa. Anzake amakwera lichero. Awa lichero lawachepera, akwera denga. Lero aulukira m'dimba, mawa aulukira pati? Kuwonjezera apo, nkhope ya amayi aiona. Zimene amayi aona sindinena."

Anthu ena anaseka, koma ena sanaseke, ndipo osasekawo ndi amene anandiopsa. Masiku amenewo liwu limenelo likakumata, ndiwenso mlendo wochokera kutsidya, kuchoka ndi mkeka wokha unali mwayi.

Atsibweni anandiweramira kukhutu. "Mphwanga, nanga bwanji sunangogwa ngati anthu ena? Kugwa kulibe mlandu." Kenaka anaimirira kuti anditeteze, anawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Eni mudzi, ife mbumba yathu yonse palibe anaulukapo. Uyu ndi woyamba." Anakhala pansi akuoneka okhutira. Ine ndinayamba kuganiza njira yachidule yopita ku Muloza.

Ndiye apongozi anadzuka pamene anakhala kuseri kwa amayi anzawo. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuima moyang'anizana ndi ine, maso ndi maso. Amayi ena anagwira pakamwa.

"Kamwendo, khala pansi. Mfiti inayamba yauluka dzuwa lili pamutu? Mfiti inayamba yaiwala kupuma, mpaka kuikumbutsa ndi chibakera? Ine ndinalipo, inu munalibepo. Munthuyu anali ndi njira ziwiri, kundiyang'ana ine kapena phompho. Anasankha phompho. Iwe kuchikamwini kwako unasankha chiyani?"

Kamwendo anayamba kufufuza kanthu pakati pa zala za kumapazi.

"Nanga denga lija mwakaliona? Lagwa kuchokera kumwamba munthu ali m'kati, phaso ndi limodzi lomwe losathyoka. Ndiye ine ndikuti, manja ali nawo. Ulemu ali nawo, wochita kusefukira. Nzeru ndiye alibe, koma zimenezo azibwereka kwa Namwale. Nthochi zanga ziwiri adzala zina." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo za kuthawanazi zathera pomwepa. Chimene ndinaona dzulo sichingabwerere. Mupeze nkhuku, tidye pamodzi, tizilankhulana ngati anthu. Mukadzandithawanso kachiwiri mudzafa."

Nkhuku anagula atsibweni. Masana omwewo amuna anayi anapita kudimba kukatenga denga, Kamwendo ali m'gulu, atagwira mbali yamatope. Linakhala pankhokwe ngati linamera pomwepo. Tikumangirira luzi lomaliza, chiperoni chinatsika phiri n'kuyamba kuwaza, ndipo chimanga sichinalawe dontho.

Ndinakhala. Pamudzi pomwepo ndinabereka ana, pomwepo ndinaika apongozi m'manda, patapita zaka ndinaikanso Namwale, ndipo ndikulemba izi pakhonde loyang'ana thanthwe lomwelo. Dimba lija tsopano ndi munda wa tiyi.

Koma musaganize kuti ndinapulumuka ulere. Anzanga onse apongozi awo ankawathawa mwamtendere mpaka ukalamba. Anga ankalankhula nane tsiku ndi tsiku, ndipo anali ndi zambiri zonena. Pa ukwati uliwonse, pa mowa uliwonse wolimitsa, mlendo akangofika, ankandiitana kuti ndikhale pafupi, iwo n'kuimirira, kufufumitsa masaya, kutong'ola maso, manja m'mwamba, n'kumazungulira pabwalo akuyasama ngati mlamba. Anthu ankagubuduka. Namwale ankaseka mpaka kudzigwira m'nthiti, kenaka n'kundipatsa chipanda cha thobwa osandiyang'ana. Nthawi imeneyo ndinkalakalaka masiku aja ndinkawadziwa mapazi okha. Lero nditamva kuti kwinakwake akuvinanso gule ameneyo, apongozi ndi Namwale ali pomwepo, ndingapite ndi ndodo yangayi ngakhale kutalike bwanji.

Atsibweni anandiuza kuti phunziro la nkhaniyi n'lakuti denga ndi la amuna anayi, ndipo katundu wa pamutu samangirira pachifuwa. Ndinavomera, ndipo madenga onse otsatira ndinamangira pabwalo, thobwa lili pambali. Koma kunena mosabisa, mutandibwezera pathanthwe paja lero, denga kumutu, dzanja lija likutukula udzu, ndikudziwa kuti ndingapatukirenso kumanja komweko. Chokhacho, nsalu ndingaimange mfundo ziwiri.